Kunja Kuli Zingati Lero? Chaka Changa Choyamba ku Winnipeg

Moni nonse amene mwatchera khutu, kaya muli kwathu kaya muli kunja ngati ine. Takulandiraninso. Ndikujambula gawo lino usiku, mwana wanga atagona, nditakhala pa tebulo la kukhitchini muno mu Winnipeg, likulu la chigawo cha Manitoba, pakatikati pa dziko la Canada. Mukamva kaphokoso kena chapansipansi kumbuyoku, ndi hita imeneyo, yayambanso ntchito yake.

Patsogolo pangapa pali kope. Ndi kope wamba la ana asukulu, chikuto chake chinayamba kale kunyotsoka m'mbali, ndipo m'mawa wa lero ndalembamo mzere womaliza. Mukalitsegula simupezamo nkhani. Muli manambala okhaokha: tsiku, kenako madigiri amene kunali panja pa nthawi imene ndinkatseka chitseko kupita ku ntchito, kuyambira Novembala wa chaka chatha mpaka kutha kwa Okutobala uno. Lero ndikufuna tiliwerengere limodzi, chifukwa ambiri mwa inu mumandifunsa funso limodzi lomwelo, lakuti kodi kumeneko kumazizira bwanji, ndipo nthawi zonse ndinkasowa poyambira.

Kope limeneli sindinaliyambe mwa nzeru zanga. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo mmodzi mwa anthu amene ndimawadzutsa m'mawa ndi mayi wina wa zaka zoposa 80, amene anakulira pa munda wa tirigu kumwera kwa mzinda uno, m'mbali mwa mtsinje wa Red. Ndinawaphunzitsa mawu oti agogo, anawakonda, ndiye mpaka lero ndimawaitana choncho. Tsiku lililonse ndikangotsegula katani, funso lawo loyamba linkakhala lakuti kunja kuli zingati. Masiku oyamba ndinkangoyankha kuti kukuzizira, agogo. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kundiuza kuti mwana wanga, kuno mawu oti kukuzizira sauza munthu kalikonse. Uyenera kudziwa nambala, chifukwa nambala ndi imene imakuuza chovala, imakuuza ngati galimoto ilira, imakuuza ngati ng'ombe zingakhale panja. Iwo ndi malemu amuna awo ankalemba pa kalendala m'mawa uliwonse kwa zaka zonse zimene anakhala pa mundawo. Madzulo omwewo ndinagula kope.

Masamba oyamba ndi a Novembala, ndipo ndikawayang'ana lero ndimakumbukira mantha anga. Manambala ake akungozungulira pa ziro, tsiku lina pamwamba pang'ono, lina pansi pang'ono. Kamzere kaja kamene kamabwera kutsogolo kwa nambala, kosonyeza kuti tatsika kupyola pamene madzi amaundana, ndinali nditangokaona m'mabuku a masamu. Tsopano kanayamba kuimira kuwawa kwa zala zanga. Pa -5 ndinkavala chilichonse chimene ndinali nacho, juzi pamwamba pa juzi, n'kukaima pa siteji ya basi mano akugundana. Mumtima ndinkati apa ndiye pothera, sikungazizire kuposa apa. Nditawauza agogo sanandiseke. Anangoti mtsinje sunagwirane, ndiye chisanu sichinafike. Pita ukagule jekete yeniyeni ndi nsapato zokhala ndi ubweya mkati, usadikire. Lamlungu loyamba la mwezi womwewo mawotchi amabwezedwa ola limodzi m'mbuyo, ndipo chipale chofewa chimene chimagwa mweziwo ukamapita kumapeto nthawi zambiri sichisungunukanso. Chimakhala pansi, mbee, mpaka Malichi kapena Epulo.

Nditayang'ana mapu ndinadabwa ndi chinthu chimodzi. London ili kumpoto kuposa Winnipeg. Iwo ali pa madigiri 51 ndi theka kumpoto kwa equator, ife tili pafupifupi pa 50. Koma abale athu amene ali ku London sadziwa kuzizira kwa kuno. Chimene chimawateteza ndi nyanja. Madzi a m'nyanja yamchere amasunga kutentha n'kumakutulutsa pang'onopang'ono nyengo yozizira ikafika. Ife tili kutali ndi Atlantic, kutali ndi Pacific, pa chidikha chosalala ngati tebulo lino. Akatswiri a za nthaka amati kalekale, madzi oundana amene anakuta dziko lino akusungunuka, dera lonseli linali pansi pa nyanja yaikulu imene anaipatsa dzina loti Agassiz. Itaphwa inasiya dothi lachonde, lopanda ngakhale kaphiri. Ndiye mpweya wozizira ukanyamuka ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, palibe chouimitsa, umangotsetsereka mpaka pakhomo pako.

Mwezi wa Disembala sindiukumbukira chifukwa cha kuzizira ayi, ngakhale manambala ake m'kopemu akusonyeza -12, -18, nthawi zina -25. Ndimaukumbukira chifukwa cha mdima. Cha pa 21 Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, n'kulowa cha m'ma hafu pasiti 4. Kuwala kwa maola 8 okha. Ndinkanyamuka kukadali bii, ndinkagwira ntchito tsiku lonse pansi pa mababu, pofika kunyumba kunja kwayambanso kuda. Abale anga, ndikuuzeni zoona, ndinalira kangapo mwezi umenewo popanda chifukwa chimene ndikanatha kuchitchula. Thupi linkalemera, tulo tosatha, mtima wosafuna kulankhula ndi munthu. Mwana wanga ankandiyang'ana n'kufunsa kuti amayi, mwadwala? Nditapita kukaonana ndi dokotala anandifotokozera kuti m'miyezi imeneyi dzuwa la kuno ndi lofooka moti khungu silitha kupanga vitamini D wokwanira, ndipo kwa ife akhungu lakuda vutoli limakula chifukwa khungu lathu limafuna dzuwa lochuluka. Anandiuza kuti ndizimwa mapiritsi ake, komanso kuti pa nthawi yopuma masana ndizituluka panja ngakhale kwa mphindi khumi. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo wina amene akundimvetsera panopa, ali m'chipinda ku Edmonton kapena ku Oslo, akuganiza kuti iye yekha ndiye wofooka. Si inu nokha, m'bale wanga. Kawonaneni ndi adokotala, ndipo muuzeni mnzanu mmene mukumvera.

Tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi lili ndi mbiri yake kuno. Pa 24 Disembala 1879 kunazizira mpaka -47.8, ndipo mpaka lero palibe tsiku lina lolembedwa mu Winnipeg limene linaposa pamenepo. Ndinkaganizira anthu a nthawi imeneyo, opanda magetsi, akudalira nkhuni zokha, komanso eni nthaka ino, a Cree, a Anishinaabe ndi a Métis, amene anakhala ndi chisanu chimenechi mibadwo ndi mibadwo mzinda usanamangidwe.

Tsopano Januwale. Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinamvetsa zimene agogo ankatanthauza.

Mukaphatikiza usana ndi usiku wa Januwale kwa zaka zambiri, Winnipeg imakhala pafupifupi pa -16. Usiku wamba umadutsa -20. Koma nambalayo payokha siuza zonse, chifukwa wailesi imatchula manambala awiri. Yoyamba ndi ya mpweya. Yachiwiri amaitcha wind chill, ndiye kuti mmene khungu lako likumvera mphepo ikamakuwomba n'kumachotsa kampweya kotentha kamene thupi limadzizinga nako. Kukhoza kukhala -28, koma ndi mphepo n'kukhala ngati -40. Nthambi ya boma yoona zanyengo, Environment Canada, imati wind chill ikakhala pakati pa -28 ndi -39, khungu losavala likhoza kuundana m'mphindi 10 mpaka 30. Ikakhala pakati pa -40 ndi -47, mphindi 5 mpaka 10 zokha. Ndipo -40 ndi nambala yapadera: ndi pokhapo pamene muyezo wa Celsius umene timagwiritsa ntchito kuno ndi wa Fahrenheit wa anzathu a ku America umakumana n'kunena chimodzimodzi.

Kuzizira koteroko sikumveka ngati kuzizira kumene mukukudziwa. Kumamveka ngati moto. Ukangotuluka n'kukoka mpweya, timaubweya ta m'mphuno timagwirana nthawi yomweyo. Nsidze zimayera ndi nthunzi ya mpweya wako womwe. Chipale chimalira pansi pa nsapato, kwiii kwiii, ndipo agogo anandiphunzitsa kuti ukamva kulira kumeneko usafunsenso wailesi, dziwa kuti kwazizira zenizeni. Foni ikakhala m'thumba lakunja batire imatha mwadzidzidzi. Magalimoto ambiri kuno ali ndi kachingwe ka magetsi kolendewera kutsogolo, ndipo poyamba ndinkayesa onse ndi oyendera magetsi. Ayi, ndi block heater, kachipangizo kotenthetsa injini usiku kuti mafuta ake asalimbe. M'malo ambiri oimikapo magalimoto muli timitengo tokhala ndi masoketi, munthu akafika pa ntchito amalumikiza galimoto yake kaye asanalowe.

M'mawa wina basi inachedwa. Ndinaima pa siteji mwina mphindi 20, mphepo ikuchokera kumpoto, sikafu yanga itatsika pang'ono osazindikira. Bambo wina amene tinaima naye, munthu wosamudziwa, anandiyandikira n'kundiloza tsaya, akuti mayi, pamenepo pasintha mtundu, phimbani msanga ndi dzanja lanu lofunda, musapake kapena kupukuta. Ine sindinkamva kuwawa kulikonse, ndipo kuopsa kwake n'komweko: malo akaundana amachita dzanzi, ululu umabwera pamene akutenthanso. Nditafika ku ntchito anamwino anandiona, anati ndapulumuka, zinali zapamwamba chabe. Khungu linasupuka patapita masiku. Kuyambira tsiku limenelo nanenso ndimayang'ana nkhope za anthu pa siteji.

Pali nkhani ziwiri zimene aliyense wobwera kuno ayenera kuzimva, ngakhale ndi zowawa. Kumwera kwa Winnipeg, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono pa galimoto, kuli tawuni ya Emerson pa malire a Canada ndi America. Mu Disembala 2016 amuna awiri ochokera ku Ghana anawoloka malire amenewo wapansi usiku, pofuna kudzapempha chitetezo ku Canada. Anapulumuka, koma anataya zala zawo chifukwa cha chisanu. Mu Januwale 2022 banja la anthu anayi ochokera ku India, bambo, mayi ndi ana awiri, linapezeka litafa m'munda pafupi ndi Emerson yemweyo, likuyesa kuwolokera ku America mphepo ya chipale ikuwomba. Anali pafupi kwambiri ndi malire. Pa mapu mtunda umenewo umaoneka waufupi, malo ake osalala, opanda mtsinje wowopsa kapena chirombo. Ngati munthu wina akukulonjezani kuti akuwolotsani m'minda imeneyo m'nyengo yozizira, chonde, chonde, musamumvere. Ndikamaona anthu osowa pokhala atadzipanikiza m'timisasa ta pa siteji ya basi m'katikati mwa mzinda usiku wa Januwale, nkhani zimenezi zimandibwerera.

Chodabwitsa china n'chakuti masiku ozizira kwambiri ndi amene amakhala okongola kwambiri. Thambo limayera kuti ngwee, dzuwa likuwala ngati lingakuotche, koma ukatuluka ndiye -30. Mitambo ili ngati bulangete, imasunga kutentha kwa nthaka. Usiku ukakhala wopanda mitambo kutentha konse kumathawira kumwamba. Ndiye ndinaphunzira kuopa nyenyezi zowala ndi kuyamikira mitambo. M'mawa wina woterowo ndinaona dzuwa lili ndi timadzuwa tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, zonse zitazingidwa ndi mkombero wowala. Ndinaima pakati pa msewu wa oyenda pansi n'kuiwala basi. Agogo anandiuza kuti ndi timadzi toundana tating'onoting'ono touluka mumpweya timene timapinda kuwala kwa dzuwa, ndipo iwo ali mwana ankadziwa kuti akaona zimenezo, mawa lakenso kuzizira.

M'nyumba namonso muli nkhondo yake. Mpweya umauma chifukwa cha hita, milomo imang'ambika, zidendene zimachita ming'alu, ukakhudza chitseko chachitsulo magetsi a m'thupi amakuluma chala. Mafuta odzola amatha ngati madzi.

Febuluwale ndi mwezi umene zinthu zinatembenuka, osati m'manambala, chifukwa masiku ambiri akufanana ndi a Januwale, koma mwa ine. Agogo anandifunsa ngati ndinapitako ku The Forks, pamene mitsinje ya Red ndi Assiniboine imakumana, malo amene anthu akhala akusonkhanapo kwa zaka masauzande. Ndinati ndidikira kutenthe. Anakwiya ndithu. Anati ukadikira kuti kutenthe udzataya theka la moyo wako kuno uli pawindo. Tenga mwanayo mupite Loweruka lino. Tinapita. Kunali -14, kopanda mphepo. Abale anga, ndinayenda pamwamba pa mtsinje. Mtsinje weniweni, madzi akuyenda pansi panga, ine ndili chilili pa ayezi wochindikala. Amakonza njira yaitali pamwamba pake, ena akutsetsereka ndi nsapato zokhala ndi zitsulo kunsi, ena akukankha ana pa timagaleta, agalu atavala timasokosi, anthu akuotha moto m'mbali. Mwana wanga anagwa kambirimbiri akuseka mpaka misozi. Tsidya lina la mtsinje wa Red kuli dera la Saint Boniface, la anthu olankhula Chifalansa, kumene mwezi womwewu amachita chikondwerero cha Festival du Voyageur chimene chinayamba mu 1970, ndipo amasema zifanizo zazikuluzikulu ndi chipale. Tsiku limenelo m'kopemu, pambali pa nambala, ndinalemba mawu oyamba osakhala nambala. Ndinalemba kuti kunali bwino. Pa -14.

Tsamba limene ndimalikonda kwambiri ndi la Malichi. Pali tsiku limene ndinalemba ziro. Ndikukumbukira kuti ndinatuluka jekete ili yosamanga, magolovesi ali m'thumba, madzi akudontha kuchokera pa madenga, ndipo ndinkamva ngati dziko lonse landimwetulira. Ophunzira ena ankayenda ndi makabudula. Usiku wake ndinatsegula masamba a Novembala n'kupeza ziro wina. Ziro yemweyo, amene anandiliza pa siteji ya basi nditavala majuzi atatu. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana masamba awiriwo. Nambala sinasinthe, mzinda sunasinthe, siteji ndi yomweyo. Thupi langa ndi limene linali litaphunzira, mwakachetechete, popanda kundiuza. Pamene ndinkawerenga masiku n'kumadzifunsa ngati ndinalakwitsa kubwera kuno, magazi anga ndi khungu langa zinali zitayamba kale kukhala za kuno. Nditawasonyeza agogo masamba awiriwo anagwedeza mutu n'kunena kuti n'chifukwa chake ankafuna ndizilemba, popeza munthu saona kusintha kwake ngati alibe pobwerera kukayang'ana. Mawu a akulu akoma akagonera.

Koma Malichi ndi wachinyengo. Masana chipale chimasungunuka, usiku madzi aja amaundananso, m'mawa misewu ili tererere. Okalamba ambiri amathyoka chiuno m'nyengo imeneyi, ndipo ife ogwira ntchito yosamalira anthu timaiopa kuposa Januwale. Madzi akalowa m'ming'alu ya msewu n'kuundana amafufuma, phula limasweka, ndiye pofika Epulo misewu yadzaza maenje. Lamlungu lachiwiri la Malichi mawotchi amapitanso patsogolo, madzulo n'kuyamba kutalika.

Mu Epulo maso a aliyense amakhala pa mtsinje. Red ndi mtsinje wachilendo chifukwa umayenda kulowera kumpoto: umachokera ku America, pakati pa Minnesota ndi North Dakota, n'kukathira mu nyanja ya Winnipeg. Ndiye kumwera kukayamba kutentha, madzi osungunuka amathamangira kuno pamene ayezi wa kumpoto akadali gwa, ndipo pa chidikha chosalala chonchi madzi akasowa kolowera amangofalikira ngati nyanja yakale ija yabwerera. Agogo anali kamtsikana mu 1950 pamene madzi anasefukira mpaka anthu pafupifupi 100,000 anasamutsidwa mu Winnipeg. Zambiri za dzulo amaiwala, koma za chaka chimenecho amakumbukira mpaka mtundu wa bwato limene linawanyamula. Pambuyo pake nduna yaikulu ya Manitoba, Duff Roblin, inalimbikira kuti akumbe ngalande yaikulu yolambalalitsa madzi kum'mawa kwa mzinda. Ambiri ankainyoza, koma inatha mu 1968, ndipo mu 1997, pamene madzi anamiza mzinda wa Grand Forks ku North Dakota, ngalande imeneyo ndi imene inapulumutsa Winnipeg. Mu Epulo momwemo atsekwe amabwerera kuchokera kumwera, akuuluka m'mizere n'kumalira, ndipo okalamba athu onse amapempha kuti tiwakankhire pawindo.

Za Meyi ndinena mwachidule. Lero kutentha, mawa chisanu. Anthu amadikira mpaka chakumapeto kwa mwezi kuti abzale mbewu zosapirira kuzizira, chifukwa usiku umodzi wotsika pansi pa ziro umapha zonse. Nyengo yopanda chisanu kuno ndi pafupifupi miyezi inayi yokha, ndiye mlimi sagona. Mitengo imene inali ngati youma imaphuka m'sabata imodzi, mzinda wonse n'kubiriwira.

Kenako kutentha. Inde, kutentha, ndipo ndikudziwa kuti ena simukhulupirira. Julayi wamba masana amafika 25 kapena 26, koma masiku opyola 30 amabwera, ndi chinyezi chomata thupi. Chidikha chija chimene chimalola mphepo ya ku Arctic kutsika ndi chomwechonso chimalola mpweya wotentha wa kumwera kukwera. Pa 11 Julayi 1936 Winnipeg inafika 42.2. Mukaika nambala imeneyi pambali pa ija ya 1879, pakati pake pali madigiri 90, mumzinda umodzi. Nyumba zinamangidwa kuti zisunge kutentha, ndiye mu Julayi chipinda chopanda makina oziziritsa chimasanduka uvuni, ndipo ku ntchito timakhalira kuzungulira ndi makapu a madzi chifukwa okalamba samva ludzu msanga. Mu Juni dzuwa limatuluka 5 koloko itangodutsa n'kulowa 10 koloko itatsala pang'ono, maola oposa 16. Mwana wanga ankakana kugona, akuti amayi, kunja kukadali masana. Udzudzu ndi wochuluka moti mzinda uli ndi nthambi yolimbana nawo, ngakhale sunyamula malungo. Mabingu amadzulo amagwedeza mawindo, nthawi zina ndi matalala. Ukatuluka kunja kwa mzinda minda ya canola, mbewu yopangira mafuta ophikira, ili chikasu mpaka kumene maso alekezera.

Chimene sindinachiyembekezere ndi utsi. Nkhalango za kumpoto zikapsa, mphepo imaubweretsa kuno, dzuwa n'kufiira masana, kukhosi kukuyabwa. Mu Meyi 2025 moto unakula mpaka boma la Manitoba linalengeza kuti chigawo chili pa ngozi, anthu a tawuni ya Flin Flon ndi a midzi ina ya eni nthaka anasamutsidwa, ambiri n'kubwera kudzagona m'maholo muno mu Winnipeg. Masiku a utsi tinkatseka mawindo onse chifukwa cha okalamba a chifuwa. Zinkandipweteka kuwauza agogo kuti sitituluka, titadikira miyezi yonse ija kuti kutenthe.

Ndinawafunsa ngati nyengo yasintha poyerekeza ndi ubwana wawo. Anati chisanu cha masiku ano sichidziwika mutu wake. Anzanga a ku ntchito amakumbukira nyengo ya 2013 kulowa 2014, yozizira kwambiri kuposa zonse kuyambira 1898, pamene nthaka inaundana mozama mpaka mapaipi a madzi a nyumba zambirimbiri anatsekeka kwa milungu. Amakumbukiranso ya 2023 kulowa 2024, yofunda modabwitsa, pamene njira ya pa mtsinje ija inangotsegulidwa masiku owerengeka chifukwa ayezi sanalimbe. Lipoti la boma la Canada la mu 2019 linanena kuti dziko lino likutentha mofulumira pafupifupi kawiri kuposa dziko lonse lapansi. Kope langa la chaka chimodzi silingasonyeze zimenezo. Makalendala a agogo akanatha kusonyeza, ndipo ndinamva chisoni atandiuza kuti anatayika pamene mundawo unkagulitsidwa.

Chakumapeto kwa Ogasiti usiku umayamba kuzizira, nambala za m'mawa n'kutsikira ku 10. Mu Seputembala masamba amachita chikasu, atsekwe aja amasonkhananso m'minda yokololedwa, ndipo mweziwo usanathe nthawi zambiri kumagwa chisanu choyamba, udzu n'kuyera m'mawa. Okutobala amatha kukhala wofatsa, amathanso kudzidzimutsa. Mu Okutobala 2019 chipale cholemera, chonyowa, chinagwa mitengo ikadali ndi masamba, nthambi zinathyoka mumzinda monse, mawaya a magetsi n'kuduka. Chakudza sichiimba ng'oma, n'chifukwa chake eni galimoto ambiri amaika matayala a m'chisanu mwezi umenewu usanathe.

Sabata yatha ndinalemba 3, ndipo ndinanjenjemera pa siteji. Ine yemwe uja ndinayenda jekete yosamanga pa ziro mu Malichi. Miyezi yotentha inalifewetsanso thupi, liyenera kuyambanso kuphunzira. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno ndikudziwa kuti liphunzira, ndili ndi masamba osonyeza zimenezo.

Ku ntchito kwabwera mtsikana watsopano wochokera ku Eritrea, wafika mwezi watha. Dzana ndinamupeza pa khomo lolowera akupuma m'manja, atavala kajekete kopyapyala, kunja kuli 2. Anandifunsa kuti achemwali, kodi kuzizira kwake ndi kumeneku? Ndinamuuza kuti mtsinje sunagwirane. Loweruka tikupita limodzi kukamusankhira jekete ndi nsapato, ndipo ndamulonjeza kuti mu Febuluwale tidzamutengera ku The Forks.

Agogo afooka chaka chino. Masiku ena sakumbukira dzina langa, amangonditcha mtsikana wa katani. Koma ndikatsegula katani ija, mutu umatembenuka pa pilo, funso lija limabwera. Kope latsopano ndagula kale, lili pano pansi pa lakale. Wailesi yati usiku uno thambo liyera, ndiye ndaika magolovesi pafupi ndi chitseko. Mawa 6 koloko ndilemba nambala yoyamba n'kukawauza.

Zikomo pokhala nane mpaka pano. Amene muli kumene kukuzizira, ndilembereni mundiuze kuti kwanuko kuli zingati. Gonani bwino.